MOWA WABWINO UYAMBIRA M'BUKU

M'maboma a Petauke ndi Nyimba muli mabanja ambiri amene ana ao anatsiriza sukulu cifukwa ca mbiya ya mowa ya amai ao. Amai amenewa sanalembe ciri conse pa pepala. Muyeso wa cimera uli m'manja mwao, kutentha kwa phala akudziwa ndi cala, ndipo tsiku limene mowa wapsa alizindikira ndi mphuno. Nzeru imeneyi anailandira kwa amai ao ndi kwa ambuye ao.

Masiku ano ena mwa ana aja abwera kumudzi kucokera ku Lusaka kapena ku Chipata atanyamula kompyuta ya laputopu ndi foni yamakono. Iwo auza makolo kuti kunja kuno kuli mapulogalamu a kompyuta opangidwira anthu ofulula mowa panyumba, amene awerengera muyeso wa zonse ndi kusunga kaphikidwe. Tsono funso labuka: kodi pulogalamu yotere iri ndi phindu kwa mai wa ku Minga kapena wa ku Kacholola? Ngati iri nalo, asankhe iti?

Yankho lathu ndi ili. Pulogalamu ya kompyuta ndi buku lodziwa kuwerengera msanga, basi. Imathandiza munthu amene anayamba kale kupima ndi kulemba. Amene sapima, kompyuta iribe comuuza.

DZINA LA CHIBUKU

Nkhani ya kulemba kaphikidwe ka mowa si yacilendo m'dziko lathu. Mowa wa Chibuku, umene aliyense audziwa, unayambira ku Kitwe m'zaka za m'ma 1950. Anauyambitsa ndi Max Heinrich, amene anaphunzira nchito ya mowa ku Germany. Iye sanabwere ndi mowa watsopano ai. Anatenga mowa wa masese umene azimai anali kufulula kale m'midzi ndi m'makomboni, nafuna kuti uzituluka cimodzi-modzi tsiku liri lonse. Mbiri ya kampaniyo imati iye anali kulemba m'buku zonse zimene wasintha pophika pamodzi ndi zimene akumwa ananena, ndipo dzina lakuti Chibuku linacokera pa buku lomwelo.

Phunziro liri poyera. Cimene cinasiyanitsa fakitale ndi mbiya ya kumudzi poyamba sicinali makina okha, koma cizolowezi ca kupima ndi kulemba. Mai wa kumudzi akaphika mowa wokoma mwezi uno ndi wosasa mwezi wamawa, kawiri-kawiri sadziwa cimene cinasintha. Ena aloza cala mnansi kuti anauponda ndi mankhwala, ndipo udani uyambira pomwepo. Munthu wa buku atsegula tsamba, naona kuti ulendo uno cimera cinali cakale, kapena kuti anacithira phala likali lotentha kwambiri.

MAPULOGALAMU AMENEWA ANACOKERA KUTI?

Ku Britain Boma linacotsa lamulo lofuna laisensi ya kufulula mowa wakumwa panyumba mu 1963. Ku America Mtsogoleri Jimmy Carter anasaina lamulo lolola zimenezi mu 1978. Kucokera pamenepo anthu ambiri a m'maiko aja anayamba kuphika mowa m'makhichini mwao monga cosangalatsa ca pa Ciweru, osati copezera ndalama ya sopo ndi mcere. Makompyuta atafika m'nyumba zao, anayamba kulemba mapulogalamu owathandiza masamu.

Odziwika kwambiri ndi awa. BeerSmith, imene inalembedwa ndi Brad Smith wa ku America ndi kutuluka mu 2003, ndi yogula, ngakhale kuti alola munthu kuiyesa kwa masiku owerengeka. Brewtarget ndi yaulere ndipo igwira nchito pa makompyuta a Windows, Mac ndi Linux. Brewfather, yocokera ku Norway, ndi Brewer's Friend zigwira nchito pa foni ndi pa kompyuta, ndipo zisunga kaphikidwe pa intaneti. Zina m'menemo ndi zaulere, zina ndi zolipira. Inalipo ina yakale yochedwa ProMash, imene inachuka nthawi yake koma mwini wake analeka kuikonzanso.

Zonsezi zicita nchito imodzi. Munthu alemba makilogalamu a cimera, malita a madzi ndi mtundu wa isiti. Pulogalamu imuuza kuculuka kwa shuga amene adzatuluka, mphamvu ya mowawo, mtundu wake ndi kuwawa kwake. Akafuna kuphika malita 200 m'malo mwa malita 20, pulogalamu icurukitsa zonse m'kanthawi kocepa popanda kulakwitsa. Isunganso mbiri ya mphika uli wonse.

Masamu ake si amatsenga. Pali kacipangizo kagalasi kochedwa hydrometer kamene kayandama m'madzi a mowa ndi kuonetsa kulemera kwake. Madzi eni-eni awerengedwa 1.000. Tinene kuti mowa usanayambe kuwira kacipangizo kaonetsa 1.050, ndipo utapsa kaonetsa 1.010. Kusiyana kwake ndi 0.040. Mukacurukitsa ndi 131 mupeza kuti mphamvu ya mowawo ndi maperesenti 5 ndi pang'ono. Mwana wa Giredi 9 angathe samu imeneyi ndi pensulo.

POMWE KOMPYUTA IKHALA MLENDO

Bvuto ndi lakuti mapulogalamuwa analembedwera mowa wa mtundu wa Mosi: wa cimera ca barele, woyera mbee, wowawitsidwa ndi maluwa a comera cochedwa hops, wosungika miyezi m'botolo. Mowa wathu ndi wina. Ndi wa cimanga, mawere kapena mapira. Ndi wolimba ngati phala lamadzi. Kukoma kwake kuli m'kusasa pang'ono. Ndipo umwedwa ukali kuwira, cifukwa pakapita masiku ocepa usanduka viniga.

Kusiyana kwake kufika mpaka m'kati mwa njere. Mbeu ikamera, m'kati mwake mubadwa mphamvu yosungunula ufa kuti usanduke shuga. Ndiyo nchito ya cimera. Ufa wa barele usungunuka m'madzi ofunda a madigiri 65, motero mzungu angouviika osauwiritsa. Ufa wa cimanga ndi wa mapira ndi wouma mtima: ufuna kuphikidwa ndithu kuti ufewe. Ndiye cifukwa cake amai athu ayamba ndi kuphika phala, naliyembekeza kuti lizizireko, ndipo pambuyo pake athira cimera. Akacithira phala likali kubwata, mphamvu ija ifa, pakuti ipirira kutentha kwa madigiri 60 kufika 70 koma siipirira madzi owira. Akacedwa mpaka phala litazizira kotheratu, cimera cigwira nchito mwaulesi. Cala ca mai wodziwa cipeza pakati pomwepo. Anthu a sayansi anadzangotsimikiza zimene azimai anali kucita kale.

Kusasa kwa mowa wathu kucokera kwa tizilombo tosaoneka ndi maso, abale a tija tisasitsa mkaka. Ukali wake ucokera kwa isiti, amene adya shuga. Mzungu agula isiti wa m'paketi wokhala ndi dzina ndi nambala, ndipo pulogalamu imudziwa. Wathu akhala m'cimera, m'ming'alu ya mbiya yakale, kapena m'mowa wotsala umene uthiridwa monga mbeu. Palibe pulogalamu imene idziwa mbiya ya ambuye anu.

Nyengo nayonso ilowapo. Isiti agwira bwino pakati pa madigiri 20 ndi 30, ndipo kukapyola madigiri 40 ayamba kufooka. M'mwezi wa October, pamene Ansenga asonkhana ku mwambo wa Tuwimba wa Mfumu Yaikulu Kalindawalo, mowa upsa msanga ndi kusasa msanga. Ku cigwa ca Luangwa, kwa Mfumu Luembe ndi kwa Mfumu Nyalugwe, kutentha kuposa kumtunda kwa Petauke. M'mwezi wa June mowa womwewo ucedwa. Motero mowa uja anauchula kuti wa masiku 7 suwerenga masiku cimodzi-modzi caka conse kapena dera liri lonse.

Ngakhale hydrometer ija ibvutika mu mowa wa masese, popeza simira bwino m'cinthu colimba. Ofuna kuigwiritsa nchito ayenera kuyamba asefa pang'ono pa nsalu yoyera, ndipo nambala imene apeza ikhala yongoyandikira. Cipangizo cimene cingathandize kwambiri wofulula wa kuno ndi copimira kutentha pamodzi ndi sikelo.

MAFUNSO OYENERA KUFUNSA MUSANASANKHE

Pali ena amene pulogalamu ingawathandize ndithu: mwini malo ogona alendo pa mseu wa Great East amene afuna kuyesa mowa wa m'botolo wakewake, kapena gulu la azimai lophika thobwa ndi munkoyo wambiri wogulitsa pamsika. Otere adzifunse mafunso awa.

Loyamba: kodi igwira nchito popanda intaneti? Kumidzi yakutali ndi mseu waukulu netiweki ibwera ndi kupita, ndipo mabando adya ndalama. Pulogalamu yokhala m'kompyuta momwemo, monga Brewtarget kapena BeerSmith, itseguka ngakhale kulibe netiweki.

Laciwiri: kodi ilola kulembamo zophikira zanu? Mukatsegula mndandanda wake mupeza maina ambiri a barele wa ku Germany ndi ku Britain, koma cimera ca mawere ca pamsika wa Petauke mulibe. Mapulogalamu ochulidwa pamwambapa alola munthu kuonjezamo cake, koma nambala ya mphamvu ya cimeraco muyenera kuipeza nokha poyesa kangapo ndi kulemba.

Lacitatu: kodi iwerengera m'malita ndi m'makilogalamu? Kaphikidwe kambiri ka pa intaneti kali m'magaloni ndi m'mapaundi. Galoni ya ku America ndi malita 3.8, pamene ya ku Britain, imene akulu-akulu aikumbukira, ndi malita 4.5. Wosacenjera pamenepa aononga dramu yathunthu.

Lacinai: kodi zolembedwazo mungazisindikize pa pepala kapena kuzisamutsa? Kompyuta imafa, foni imabedwa. Mu 2024 madzi atacepa m'nyanja ya Kariba, magetsi a Zesco anali kuzima maola 17 ndi kupyola pa tsiku. Kaphikidwe kamene kali m'makina okha katayika tsiku limene mukafuna koposa. Mapulogalamu ambiri amvana pa kalembedwe kochedwa BeerXML, kamene kalola kusamutsa kaphikidwe kucoka mu ina kupita mu ina. Funsani ngati imene mwasankha iri nako.

Lacisanu: kodi mwini mowa adzaiwerenga yekha? Mapulogalamuwa alibe Cinyanja kapena Cinsenga. Ngati mwana yekha ndiye adziwa kuitsegula, tsiku limene abwerera ku tauni nzeru yonse ikwera naye basi.

Pa cifukwa ici, kwa ofulula ambiri a kuno pulogalamu yoyenera si ya mowa konse. Ndi ija ya mizere ndi mabokosi owerengera, monga Excel, kapena LibreOffice Calc imene iri yaulere. M'menemo mulemba mitu m'cilankhulo canu: tsiku, ufa, cimera, madzi, nkhuni, malita otuluka, ndalama. Ndipo amene alibe kompyuta asadandaule. Buku la sukulu lojambulidwa mizere ndi rula ligwira nchito yomweyo, ndipo silifuna kuchaja.

YAMBANI NDI MUYESO

Buku kapena kompyuta, zonse zidalira muyeso woona. Pamsika tigula ndi meda ndi thini, koma meda wina ndi wosalaza, wina ndi wodzaza mpaka phiri, wina ndi wophwanyika pansi. Thini ya cimanga ndi thini ya cimera sizilemera cimodzi-modzi. Ngakhale liu lakuti thumba lasintha: m'masiku a Namboard thumba la cimanga linali la makilogalamu 90, koma limene Food Reserve Agency igula ndi la makilogalamu 50. Mdzukulu amene anamva kuti ambuye anali kuthira theka la thumba ayenera kufunsa kuti linali thumba liti.

Sankhani meda mmodzi wa panyumba, mumpime pa sikelo kamodzi atadzaza ufa, kenaka atadzaza cimera, ndipo mulembe manambalawo pa cikuto ca buku. Pa dramu lembani mizere ya malita ndi penti. Mukafuna kuyesa kusintha, sinthani cinthu cimodzi cokha pa mphika umodzi. Mukasintha cimera, madzi ndi masiku nthawi imodzi, simudzadziwa cimene cakometsa kapena caipitsa.

PHINDU LIPITA KUTI?

Tsamba la ndalama ndilo lidabwitsa ambiri. Tiyeni tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Inu muikepo mitengo ya kwanu. Ufa ndi gaga K250, cimera K200, nkhuni K80, cigayo ndi wotunga madzi K70. Zonse pamodzi K600. Mowa watuluka malita 150, ndipo lita igulitsidwa K6. Mai awerengera m'mutu kuti adzapeza K900, ndiye kuti phindu ndi K300.

Tsono onani zimene buku lionetsa. Malita 15 anatha ndi olawa pamodzi ndi alamu ndi atsibweni amene sitingawalipiritse. Malita 20 anapita pa nkhongole ya anthu olonjeza kulipira akagulitsa nshawa. Malita 10 anasasa tsiku lacitatu. Otsala ndi malita 105, amene abweretsa K630. Phindu la nchito ya mlungu wathunthu, ndi utsi m'maso ndi msana wopweteka, ndi K30 cabe.

Sitikunena kuti mulamu asapatsidwe cipanda. Mowa wa dima, wa pa ukwati ndi wokumbukira akufa suyenera kuwerengedwa ngati malonda. Ndiwo umangiriza mudzi. Koma mowa wa malonda ukhale wa malonda. Mai amene waona manambala ake angasankhe yekha: kucepetsa dramu kuti mowa usatsale, kuika malire a nkhongole, kapena kuleka mowa ndi kuyamba thobwa.

MZERE UMENE UNGAPULUMUTSE MOYO

M'buku liri lonse la wofulula mukhale mzere umodzi umene mapulogalamu akunja sauganizira: ufa uwu unacokera kuti, ndipo unali wotani? Pali cikhulupiriro cofala cakuti cimanga cobvunda, cosayenera nsima, cikhoza kupita ku mowa popeza moto upha zonse. Cikhulupiriro cimeneci capha anthu.

Pa 9 January 2015, ku Chitima m'cigawo ca Tete ku Mozambique, cigawo cocita malire ndi maboma athu awiriwa, anthu obwera ku maliro anamwa mowa wa kumudzi wochedwa pombe. Anthu 75 anamwalira, ndipo oposa 200 anadwala. Mai amene anaufulula anali pakati pa akufawo. Poyamba mphekesera inamveka yakuti wina anathiramo ndulu ya ng'ona. Koma atapima mowawo ku America anapeza poizoni wochedwa bongkrekic acid, wopangidwa ndi tizilombo tomera mu ufa wa cimanga umene unanyowa ndi madzi osefukira ndi kuyamba kuola. Ufawo unaonedwa kuti suyenera kudyedwa, koma unaperekedwa kuti ufululidwe. Poizoni ameneyu alibe fungo, alibe kukoma kwacilendo, ndipo safa ndi kuwiritsa.

Kuno kwathu cenjezo linabwera mu August 2024, pamene Nduna ya Zaumoyo, a Elijah Muchima, analengeza kuti agalu pafupi-fupi 400 anafa atadya cakudya ca cimanga cokhala ndi aflatoxin, ndi kuti poizoniyo anapezekanso mu ufa wa makampani ena ogaya. Aflatoxin acokera ku cuku, nkhungu ija imera pa cimanga ndi nshawa zosauma bwino. Aononga ciwindi pang'ono-pang'ono, ndipo nayenso moto wa pa mafuwa sumuthetsa. Cimera ciri pa ngozi yomweyo, cifukwa cikhala conyowa masiku angapo pomera. Ciyanikeni msanga pa mphasa yoyera mpaka ciume gwa, ndipo cikaonetsa nkhungu citayeni. Lamulo ndi lapafupi: cimene simungaphikire ana anu nsima, musafululire ana a anzanu.

NKHOKWE NDI LAMULO

Buku likumbutsanso za nkhokwe. Pa 29 February 2024 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse, cimanga ca pa mahekitala pafupi-fupi 1 miliyoni citapserera. Cigawo ca Kum'mawa cinali pakati pa zigawo zokhudzidwa. Banja limene lilemba mathini otuluka m'nkhokwe kupita ku mowa lidziwa m'mwezi wa August ngati cakudya cidzafika February. Limene sililemba lidziwa nkhokwe itayamba kulira.

Za lamulo, kompyuta siipereka cilolezo. Lamulo la Liquor Licensing Act la mu 2011 linaika nchito ya malaisensi a mowa m'manja mwa makhonsolo, ndipo liletsa kugulitsa mowa kwa ana osakwana zaka 18. Amene afuna kucita malonda a mowa apite ku ofesi ya Khonsolo ya Petauke kapena ya Nyimba akafunse zofunika. Zimene talemba pano ndi za mowa wofulula, thobwa ndi munkoyo. Kacasu wocezedwa, amene mphamvu yake palibe aipima ndipo apolisi amlanda kawiri-kawiri, ndi nkhani ina. Tikumbukire kuti mu 2012 Boma linaletsa tujilijili cifukwa ca mmene mowa waukali wochipa unali kuonongera acinyamata.

KWA ANA OBWERA NDI KOMPYUTA

Mau otsiriza apite kwa inu anyamata ndi atsikana amene mwabweretsa makinawa kumudzi. Musayambe ndi kuphunzitsa amai anu. Khalani pansi pafupi ndi moto, sikelo ndi copimira kutentha ziri m'manja, ndipo mulembe zimene iwo acita. Akanena kuti phala lafika pothira cimera, pimani ndi kulemba nambala. Akanena kuti mowa wapsa, lembani tsiku ndi ola, ndiponso ngati kunja kunali kotentha kapena kozizira. Citani zimenezi pa miphika 10. Pamenepo mudzakhala ndi cinthu cimene BeerSmith ndi Brewfather zilibe, ndico kaphikidwe ka banja lanu kolembedwa m'manambala, kamene mdzukulu adzakapeza ngakhale ambuye atapita.

Akulu anati safunsa anadya phula. Funsani amai poyamba, gulani buku kaciwiri, ndipo kompyuta ibwere pambuyo ngati ikali kufunika.